Tsiku Limene Ndinakweza Achemwali pa Kwadi

Abale anga, ndakuonani nonse. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Inu akumbuyo mukundimva? Hita yotenthetsa m'nyumbayo ikusokosa, koma musaizimitse, ndikweza mawu.

Dzina langa ndine Feston. Ena mumandidziwa, ena munangomva pa gulupu yathu ya pa foni za "uja wa kwadi". Ndine yemweyo. Polowa muno ndaona njinga ziwiri zamagetsi zopanda nambala zitatsamira khoma panjapa, ndipo sabata yatha wina anaika pa gulupu kuti akugulitsa kwadi yotchipa. Sindifunsa kuti eni ake ndani. Ingondimverani.

Ndili ndi achemwali anga, mayi a Tadala, amene anali nesi ku Wolverhampton. Lero sakuyenda, ndipo madokotala anena kuti sadzayendanso. Amene anachititsa zimenezi ndi ine. Kuchokera tsiku limene anavulala, chimene ndakhala ndikufuna pa dziko lino ndi chimodzi chokha, kuti achemwali anga andiyankhule.

Kumudzi ndinali wa kabaza pa Mponela, wa njinga yamoto. Ndipo sindinali wamba. Ndinkanyamula thumba la chimanga kutsogolo, mayi ndi mwana wake kumbuyo, mbuzi itamangidwa pa kaliya, nthawi ya dzinja msewu uli phala lokhalokha, koma sindinagwetsepo munthu. Ndinkanyada nazo. Achemwali ndi amene anandipezera ntchito ya keya kuno, yosamalira okalamba ndi odwala, nandipezeranso kachipinda kuno ku Nechells. Ntchito ndinaigwira bwino, nkhalamba zinkandikonda. Koma mtima unkasowa njinga. Munthu amene unazolowera kuti ukaponda chinthu chimalira, lero uziima pa basi sitopu mvula ikukumenya kumaso, kudikira basi imene pafoni akuti yafika kale. Zinkandiwawa.

Tsiku lina ndinaona kwadi pa intaneti. Kwa amene simukuidziwa, ndi njinga yamoto ya matayala anayi, imene azungu a kumafamu amayendera poona nkhosa zawo. Wogulitsa anali mnyamata wina ku Small Heath, anaisunga m'galaja. Ndinamufunsa za mapepala, iye anati, "It's off-road, mate, you don't need nothing." Ankanena kuti si ya pamsewu, ndiye sifuna mapepala, koma ine ndinamva mbali yokhayo imene inandikomera. Ndinaona mpando wautali, wofewa, ndinati apa pakhoza kukwana atatu. Matayala anayi, ndinati ichi ngakhale mwana sangagwe nacho.

Ndinakaisunga kwa achemwali ku Wolverhampton, poti iwo ali ndi galaja. Amuna awo, bambo a Tadala, munthu wofatsa amene amagwira ntchito ku weyahausi, anaizungulira n'kundifunsa kuti, "Alamu, chinthuchi chili ndi mapepala?"

Ine ndinati, "Alamu, ine ndinabadwira pa njinga."

Iwo anati, "Sindinafunse kumene munabadwira."

Tinaseka, nkhani inathera pomwepo.

Ndikakhala pa ofu, tsiku lopuma, ndinkaitulutsa, n'kumayenda nayo m'mbali mwa kanalo, ngalande yaikulu ya madzi ija, ndi pa malo ena opanda nyumba kuseri kwa mafakitale. Kwathu dambo ndi la tonse. Ukaona malo opanda mpanda, opanda chimanga, umadutsa. Ine ndinkaona udzu wometedwa bwino wopanda munthu, n'kumati azunguwa akuwononga malo. Tsiku lina apolisi anandiimitsa. Anandifunsa dzina, anandiuza mwaulemu kuti pano si malo oyendetsera chinthu chimenechi, ndipo akadzandipezanso adzandilanda. Kenako anandisiya. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakafotokozera anzanga ndikuseka kuti apolisi a kuno ndi ofewa, safunsa ngakhale ya fanta. Kwathu wapolisi akakusiya ndiye kuti mlandu watha. Kuno akakusiya ndiye kuti akulemba dzina, ndipo kawiri sakuchenjeza.

Ndiye inafika nyengo yotentha ija, a Malawi ndi anzathu a ku Zambia tinapangana zokaotcha nyama ku paki ina. Ena mwa inu munalipo. Ine ndinakweza kwadi m'vani ya mnzanga kuti ndikaonetse anthu. Pamene timaotchera nyama panali patali ndi poimika magalimoto, ndipo pakati pake panali kachitunda. Ndikuzungulira ndinaona achemwali akuchokera ku galimoto, atavala chitenje chawo chatsopano, atanyamula beseni la mandasi. Anali atangoweruka ku shifiti, mapazi atatupa, akuyenda mokoka.

Ndiuzeni inu, kwathu ndani amadutsa mlongo wake akuyenda pansi ndi katundu, iye ali pa njinga? Anthu akhoza kukutchula mfiti. Ndinaima.

"Kwerani, achemwali."

"Ayi, iwe. Chinthu chakocho ine ayi."

"Kwerani. Mukuopa chiyani, matayala ndi anayi."

"Ndati ayi, Feston. Ndifika ndekha."

Ndinayamba kuwaseka. Ndinati mwasanduka mzungu, mwaiwala kuti ndi ine ndemwe ndinkakunyamulani kukakusiyani pa depoti. Anthu anali kutiyang'ana. Achemwali anaseka, anati ndiwe wovuta, n'kukwera. Anakhala mmene amayi akwathu amakhalira pa kabaza, chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, beseni pamiyendo, manja onse atagwira besenilo. Helemeti panalibe, iwo kapena ine.

Sindinamwe mowa tsiku limenelo. Sindinathamange. Ndikunena izi osati kudzichotsera mlandu, koma kuti amene mukuti "ine ndimayendetsa bwino" mumve. Ndinangodula chitunda chammbali kuti njira ifupike. Njinga yamoto ukamadutsa potsetsereka imapendekeka nawe limodzi, umailamulira ndi thupi. Kwadi sitero. Imangotsata nthaka, ndipo kulemera konse kwa achemwali kunali kumunsi. Ndinamva matayala akumtunda akunyamuka. Ndinaponda phazi pansi monga ndinazolowera, koma chinthucho n'cholemera ngati ng'ombe. Ine chinanditayira kumbali. Iwo chinawagwera pamsana.

Ndinadzuka ndili ndi kabala pachigongono. Mandasi anali akugubuduka kutsetsereka, ana ena akuwathamangira, asanadziwe chimene chachitika. Achemwali anali chigonere, maso ali tong'o, ndipo anati, "Feston, miyendo yanga ili kuti?" Amenewo ndi mawu omaliza amene anandiuza kwa nthawi yaitali.

Zotsatira zake ndifulumira nazo. Mvula ikakuona litsiro siikata. Apolisi anandimanga pomwepo, kwadi anaitenga ndipo anakaiphwanya. Laisensi ya galimoto ndinalibe, inshuwalansi panalibe, pakiyo sinali malo ololedwa, chenjezo anali atandipatsa kale, ndipo kwadiyo inali yokwera munthu mmodzi yekha. Ku ntchito anandiimitsa. Podikira khothi ndinayamba kumwa mowa wa saida, uja wa m'mabotolo akuluakulu, kuyambira m'mawa. Ndipo ndikaledzera pakamwa pankatseguka. Ndinkauza aliyense kuti chitenje ndi chimene chinakola. Kuti achemwali akanagwira ine m'malo mogwira mandasi si bwenzi zitatero. Kuti udzu unali wonyowa. Ndinafika ponena kuti ndi anthu akumudzi ansanje, aona kuti banja lathu latumiza awiri kunja. Aliyense anali wolakwa kupatula Feston.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mawu angawo anakafika ku chipatala, pabedi pa achemwali. Nditapita kukawaona, alamu anandiimitsa pakhomo la wodi. Sanakalipe. Anangoti, "Akuti musabwerenso." Ku khothi loya anandilangiza kuti ndivomere mlandu kuti chilango chichepe, ndipo ndinavomera ndi pakamwa pokha. Anandipatsa ndende yopitirira chaka. Ngakhale m'selo ndinkagona ndikuwerengera anthu amene anandilakwira.

Patapita miyezi anandiuza kuti ndili ndi mlendo. Palibe amene anali atabwerapo. Ndinalowa m'chipinda chochezera, ndinapeza alamu atakhala pa katebulo, manja ali pamawondo. Anali ataonda, ndevu zosameta, jekete la ku weyahausi likuwalendewera.

"Alamu," ndinatero, ndikupereka dzanja.

"Khalani pansi. Sindinabwere kudzakuonani. Ndabwera kudzafunsa."

Ndinakhala. Anayamba kufotokoza. Achemwali anali atatuluka m'chipatala, ali kunyumba. Ejensi yosamalira odwala inatumiza keya woti azidzawasambitsa ndi kuwanyamula. Woyamba kugogoda anali mtsikana wa ku Malawi amene achemwali eni akewo anakamulandira ku bwalo la ndege, n'kumusunga pa sofa pawo mpaka atapeza chipinda. Mtsikanayo atalowa ndi magulovesi, achemwali anatembenuzira nkhope kukhoma. Wachiwiri anali wa ku tchalitchi kwawo. Mukudziwa nokha kuti mu ntchito ya keya kuno tadzaza ndife. Achemwali anati bola afe kusiyana n'kuti ana amene amawatchula anti aziwasintha thewera. Ndiye zonse zinatsalira alamu.

"Ku chipatala anandiphunzitsa hoisiti," anatero alamu, kutanthauza makina aja onyamulira odwala. "Ndinamva zonse. Koma ndikamawachotsa pabedi amalira. Sanena kanthu, misozi imangotsika. Ndikafunsa kuti pakupweteka pati, sayankha. Anthu amati inu munali ndi manja abwino pa ntchitoyi. Ndiuzeni chimene ndikulakwitsa."

Abale anga, ndinkayembekezera kutukwanidwa. Ndinali nditakonzeka ndi mayankho. Funso ili ndinalibe nalo pothawira.

Ndinati, "Mumaima mbali iti powakweza?"

"Kumbuyo, pa makina."

"Muziima kutsogolo, aziona nkhope yanu. Dzanja limodzi likhale pa bondo lawo kuti asamazungulire m'mwamba. Munthu akalendewera popanda womugwira amadziona ngati thumba. Manja anu muziyamba mwawatenthetsa. Nsalu yonyamulirayo muziisalaza pansi pa ntchafu, chifukwa ikapindika imadya khungu, ndipo iwo sangamve kuti akuuzeni."

Alamu ankangogwedeza mutu movomereza. Ine ndinazolowera, ndinayamba kulankhula ngati ndili ku ntchito, manja akusonyeza m'mwamba.

"Ndipo musamawadzidzimutse. Muziwauza chilichonse musanachite, kuti tsopano ndikugwira phewa, tsopano ndikukweza. Musanayambe muziona kaye makinawo ngati anapangidwira munthu wa msinkhu wawo. Ndipo akati ayi, musiye. Limenelo ndi lamulo loyamba. Munthu akakana, sumunyamula."

Ndinasiyira pomwepo. Mawuwo anatuluka pakamwa panga, n'kundibwerera m'makutu. Ine Feston, amene sindinasunthepo nkhalamba ya chizungu, yosandidziwa n'komwe, popanda kuona makina ndi kupempha chilolezo. Mlongo wanga wa bere limodzi anakana kawiri. Ndinamuseka pamaso pa anthu mpaka anakwera pa chinthu chimene sindinafunsepo ngati chinapangidwira anthu awiri. Malamulo ndinkawadziwa, ndinkawasunga pamene pali bwana woti andichotse ntchito. Pa m'bale wanga ndinawavula ngati yunifolomu.

Alamu anandiyang'ana, ndipo ndikukhulupirira kuti anaona kuti ndazindikira. Anaimirira, anati, "Zikomo," n'kutuluka. Zikomo ameneyo anandipweteka kuposa chigamulo cha jaji. Nditabwerera m'selo ndinalira kwa nthawi yoyamba, ndipo ndinanena mokweza kuti ndine. Mnzanga wa m'selo anaganiza kuti ndapenga.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zinthu zinakhala bwino. Sizinakhale. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya bodza. Nditatuluka, viza inali itathetsedwa, ndipo a imigireshoni anandiuza kuti ndiyenera kubwerera kwathu. Podikira ndinkakasaina ku Solihull. Ntchito sindiloledwa, ndipo ya keya sindidzaigwiranso. Mwana wa kuno akachita zimene ndinachitazi, akatuluka m'ndende amapita kwa mayi ake kukamwa tiyi. Ife tikatuluka timapeza ndege ikudikira. Loya anati tiyese apilo, ine ndinati ayi, ndakana zambiri, izi ndivomera.

Mkulu wina wa mumpingo muno, wa ku Chipata, anandipatsa sofa. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, m'nyumba muno botolo likalowa, iwe utuluka." Sindinamwenso. Si kuti chilakolako chinatha. Ndikadutsa pa shopu ya pakona miyendo imachita ulesi, ndiye ndimadutsira tsidya lina la msewu. Ndinayenderanso anthu amene ndinawauza za chitenje ndi za ansanje, mmodzi ndi mmodzi, kuwauza kuti ndinanama. Ena anandikumbatira, ena anati tinkadziwa kale.

Ndinayesanso kuthandiza kunyumba kwa achemwali. Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Chinthu chokhacho chimene ndimachidziwa bwino, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, ndi chimene mwamuna sangachitire mlongo wake. Manja ndili nawo, luso ndili nalo, alamu akutha ndi kutopa, koma mwambo sulola, ndipo ngakhale ukanalola, achemwali sanafune kundiona. Alamu anandilola za panja zokha. Ndinkakwera tiramu, kasitima ka m'tauni, kupita ku Wolverhampton, kukatenga zofunda zakuda zimene ankazisiya pakhomo, kukachapa, kuzipinda, n'kuzisiyanso pakhomo pomwepo. Ndinkadula udzu, ndinkatulutsa mabini. Nthawi zina katani ya pabalaza inkagwedera. Ndinkachedwa dala pa geti, koma chitseko sichinkatseguka.

Tsopano inu a njinga zili panjazo, ndi iwe ukufuna kugula kwadi ya pa gulupu ija, mverani zimene ine ndinadziwa mochedwa. Kuno kulibe dambo la tonse. Paki, njira ya m'mbali mwa kanalo, malo a khonsolo, munda wooneka ngati wosiyidwa, zonsezo zili ndi eni ake, ndipo popanda chilolezo chawo ukuswa lamulo ngakhale pasakhale munthu wokuona. Wogulitsa akati sizifuna mapepala, akunena za pa famu ya mwini wake, osati za kuseri kwa mafulati a ku Nechells. Ukafuna kuyenda nayo pamsewu iyenera kulembetsedwa, ikhale ndi nambala, msonkho, inshuwalansi, iweyo ukhale ndi laisensi ya galimoto. Luso la pa Mponela silikulowa pamenepo. Njinga zamagetsi zija zothamanga popanda kupalasa, lamulo limaziona ngati njinga zamoto, ndiye musadzinamize. Helemeti pa kwadi lamulo la kuno silikukakamiza, koma mutu ndi wako. Ngati mtima ukufunadi fumbi, alipo malo olipira kunja kwa tauni kumene amakuphunzitsa ndi kukuveka zodzitetezera. Pita kumeneko.

Ndipo mpando wautali uja. Ine ndinkauona ngati wa makasitomala. Anautalikitsa kuti woyendetsa azisuntha thupi, kutsogolo pokwera, kumbuyo potsika, kumbali pokhota. Ukaikapo munthu wachiwiri wachotsa chimene chimaletsa kwadi kugubuduka. Pokhapokha ngati inapangidwa ndi mpando wachiwiri, sukweza munthu, kaya ndi mlongo wako, kaya watupa mapazi, kaya anthu akunena kuti ndiwe wouma mtima. Alekeni anene.

Ena akaima pano amamaliza ndi aleluya, kuti zonse zinabwezeretsedwa. Ine ndilibe umboni wotero. Achemwali sakuyenda. Ntchito ya unesi imene anaivutikira inatha. Alamu akukalamba ndikuona. Tadala, mwana wawo, akandiona pa geti amangoti "Hi" n'kulowa, dzina loti malume linatha. Madzi akatayika saoleka.

Lachisanu lapitali ndinapita kukasiya zofunda komaliza, chifukwa Lachinayi likubwerali ndikukwera ndege. Ndikutembenuka, chitseko chinatseguka. Alamu anati, "Akuti mulowe."

Pabalaza paja anaikapo bedi la chipatala, masofa anawachotsa. Achemwali anali pa wilitcheya pafupi ndi windo, atafunda bulangeti pamiyendo, tsitsi litayamba imvi. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ndinati, "Mwaswera bwanji, achemwali?" Anandiyang'ana, kenako anati:

"Ndamva ukupita."

"Eya, achemwali. Lachinayi."

Ndinayamba kupepesa, mawu amene ndakhala ndikuwakonza nthawi yonseyi. Anakweza dzanja.

"Usandipepese ine. Ndilibe poika kupepesa kwako. Mvera. Amayi kumudzi akudziwa kuti ndinavulala. Ndinawauza kuti ndinagwa, basi. Za iwe anauzidwa kuti mapepala anavuta. Abale onse anagwirizana kubisa chifukwa cha matenda a mtima a amayi aja. Akandiimbira foni amamaliza ndi mawu omwewomwewo, kuti bola mlongo wako ali pafupi, akukusamala. Ndipo ine ndimati eya, amayi. Ndatopa, Feston. Thupi ili ndikulinyamula ndekha, bodza lako sindinyamulanso."

Ndinati, "Ndichite chiyani, achemwali?"

"Ukafika, usanavule nsapato, ukawauze. Wekha, ndi pakamwa pako. Kuti ndinakana, iwe unandiseka. Ukatero undiimbire."

"Mudzayankha?"

"Sindikudziwa."

Anatembenuzira wilitcheya ku windo, ndipo alamu anandiperekeza mpaka pa geti.

Ndiye abale anga, achemwali andiyankhula. Ndinapempha zimenezo nthawi yaitali, ndipo zabwera mmene mwamveramu. Mukamapemphera musandipempherere ntchito kapena viza. Mupempherere mayi wokalamba wa ku Dowa amene sakudziwa chimene mwana wake akubwera nacho.

Dzulo amayiwo anandiimbira. Mawu awo anali achimwemwe, anati auza kale anthu a pamudzi. Anati, "Uyende bwino, mwana wanga. Ndakusungira tambala. Ukafika udzandifotokozere bwinobwino mmene mlongo wako anagwera, poti iye safuna kunena."

Ndinati, "Eya, amayi. Ndidzafotokoza."